Kanema wa Fabiano

Galimoto ya kanema ikafika kusukulu kwathu, amayi ankadziwa ine ndisanawauze. Injini yake inkamveka mpaka kumunda wa tiyi, kutsidya kwa mabulugamu, kumene iwo ankathyola. Ndikangofika pakhomo madzulo, funso linali lomwelo.

"Teleza, wa Fabiano wabwera?"

"Ayi amayi. Lero anali wa nyemba."

"Nyemba? Kutsekera ana mumdima dzuwa likuswa mtengo kuti aone nyemba, ngati kuno nyemba sitizidziwa?"

Ine ndisaname, makanema aja ndinkawakonda. Ankatseka mawindo ndi ziguduli, n'kupachika chinsalu choyera pabolodi, ndiye makina ali kumbuyo kwathuko tatatata. Tinaona nyemba ikuphulika m'nthaka, n'kutulutsa muzu, n'kudzuka ife tikuyang'ana. Tinaona mbululu ikumera miyendo. Tinaona mayi wina wa kudziko lakutali akuumba mphika pa gudumu lozungulira, ndi mwana wachizungu akutsuka mano kwa nthawi yaitali mpaka ife kumumvera chisoni. Koma amayi anga zonsezo analibe nazo ntchito. Iwo ankadikira kanema mmodzi yekha.

Fabiano anali mlongo wanga wamng'ono. Bambo athu a Jonas anapita ku Joni ndi a Wenela, olemba anthu ntchito za kumigodi, iye ali kumsana, ndipo sanabwerenso. Tinatsala atatu m'nyumba ya kumapeto kwa layini, nyumba ya esiteti, pamalo a esiteti. Agogo athu anachokera kwa Apwitikizi kalekale, ndipo ife Alomwe a m'malayini tinalibe mudzi woti tikathamangitsidwa n'kuloza kuti tikupita uko. Mkazi wopanda mwamuna ankakhala m'nyumba yotero mwachifundo cha kapitawo. Kapitawo wathu anali a Bizwick, ndipo chifundo chawo chinali chachifupi ngati mchira wa mbuzi.

Chaka china nthawi ya dzuwa, Fabiano atayamba kulankhula bwino, kunabwera azungu awiri ndi kamera yoima pa miyendo itatu. Ena ankati achokera ku Halale, ena ankati ku Joni, kaya. Anali ndi womasulira wawo, mnyamata wamtali wovala jekete, dzina lake a Dixon. Ankafuna nyumba ziwiri zoti ajambule kanema wophunzitsa ana asukulu. Yoyamba a Bizwick anapereka yawo. Anaipaka laimu, n'kuikamo tebulo ndi ketulo zochokera kwa bwana wa esiteti, ndipo akazi awo a Alesi anavekedwa diresi yamaluwa. A Alesi amenewo, mbale zawo zinkatsukidwa ndi malilime a agalu, layini yonse inkadziwa. Koma tsiku limenelo ankayenda ngati mkazi wa abusa.

Yachiwiri inali yathu. Akuti inayang'ana bwino kudzuwa, ndiponso panali mwana wosaopa azungu.

Amayi anga a Marita anali munthu wosesa bwalo kusanache bwino. Pansi m'nyumba mwathu ankazira mpaka kuwala, moti ukanatha kudyerapo. Madzi akumwa ankakatunga kukasupe kumtunda, ulendo wotopetsa, chifukwa a m'ngalande ya kumunsi kwa malayini ankati ngakhale bakha sangamupatse. Ndiye taganizani m'mene anaonekera ataona anyamata a a Bizwick akubwera ndi madengu a zinyalala za kudzala n'kumakhuthula pabwalo pathu. Anamwaza ndowe za mbuzi pakhonde. Anaponya mitu ya nsomba pafupi ndi chitseko kuti ntchentche zibwere. Amayi anavulidwa nsalu yawo n'kupatsidwa chiguduli chong'ambika.

"Achimwene, zimenezi n'zachiyani?" amayi anafunsa a Dixon.

"Ndi sewero chabe, mayi. Madzulo tisesa. Ndipo mwana wanuyu mudzamuona pachinsalu akuyenda ngati m'mene akuyenderamu."

Poyamba zinali zoseketsa ndithu. Analowetsa nkhuku m'nyumba, n'kumuuza Fabiano kuti aitulutse. Nkhuku inatuluka, iye pambuyo, kamimba patsogolo, n'kutembenuka kuseka mzungu amene anabisa mutu kuseri kwa kamera. Anamupaka madzi a shuga pamilomo kuti ntchentche zitere, koma iye ankanyambita zisanafike, ndipo ankapempha wina. Tonse tinaseka, amayi omwe.

Kenako tinatsikira kungalande. Mzungu anafuna kuti amayi atunge madzi ndi chikho, n'kumupatsa mwana amwe. Amayi anali atabisa mphonda ya madzi a kukasupe m'chiguduli muja, ndipo anapempha kuti athire amenewo m'chikho. A Dixon anamasulira. Mzungu anapukusa mutu. Akuti chikho chichoke m'ngalande n'kufika pakamwa osadukiza, kuti ana oonera akhulupirire.

"Madzi awa ayi," amayi anatero.

A Bizwick anasendera pafupi, n'kulankhula motsitsa, m'Chilomwe, kuti a Dixon asamve. "Marita, bwana wavomera kale zimenezi. Nyumba ija aliko anthu oifuna, amuna awo ali pompano. Kamodzi kokha kangaphe munthu?"

Sikanali kamodzi. Koyamba mtambo unaphimba dzuwa. Kachiwiri Fabiano anayang'ana kumbali. Mzungu ankangokweza chala, a Dixon n'kuti, "Bwerezani, mayi." Mwanayo anali atanyambita shuga tsiku lonse, ndiye ludzu linali litamugwira. Ankamwa ndi mtima wonse.

Chomaliza n'chimene chinathamangitsa anthu. Anayala mphasa pakhonde, n'kuti mwana agone, amayi amuphimbe nsalu mpaka kumaso, kenako alire. Azimayi achikulire amene ankaonerera anangoti "Ogo!" n'kunyamuka. Kwathu mwana wamoyo samuphimba kumaso, ngakhale posewera, chifukwa kumeneko n'kumuitanira maliro. Amayi anayang'ana a Bizwick, a Bizwick anayang'ana denga la nyumba yathu. Anamuphimba. Fabiano ankaseka pansi pa nsalu, nsalu n'kumagwedezeka, mpaka azungu anakhala pansi kusuta fodya kudikira kuti agone tulo. Kulira amayi anakana. Anangoika nkhope m'manja, ndipo mzungu anati zomwezo zakwana.

Madzulo palibe anasesa. Tinasesa tokha.

Patangopita masiku ochepa Fabiano anayamba kutsegula m'mimba, kenako kamwazi. Amayi anamubereka kupita naye kukachipatala ka esiteti, anampatsa mankhwala oyera a m'botolo, koma kamimba kaja kanangophwa, maso n'kulowa. Mwezi usanathe tinakamuika kuseri kwa mabulugamu, atakulungidwa m'mphasa yomwe ija. Pamaliro azimayi ankanong'onezana kuti chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba, ndipo mwini mwana anavina nawo. A Bizwick anabwera ndi kadengu ka ufa, n'kukhala kutsogolo ngati mwini mbumba.

Amayi sanapenge, sanadwale. Anabwerera kumunda, dengu kumsana. Koma tsiku lina tikusenda nandolo anandiuza chinthu chimene chinandiopsa kuposa maliro.

"Teleza, nkhope yake ikundithawa. Ndikatsinzina ndikuona makutu, ndikuona mchombo, koma nkhope ayi."

Chithunzi tinalibe. Ndani m'malayini anali ndi chithunzi? Chimene chinatsala ndi mawu a a Dixon aja, oti mudzamuona akuyenda. Amayi anawagwira mawu amenewo ndi manja awiri, ndipo n'chifukwa chake galimoto ikalira kusukulu, funso linali lomwelo.

Zinadutsa zaka ziwiri. Kenako tsiku lina la chiperoni, nkhungu itaphimba tiyi yense, galimoto inafika itadzaza matope. Woyendetsa makina tsopano anali a Dixon omwe aja, jekete itasuluka. Ine sanandizindikire. Aphunzitsi athu a Everson anali achilendo, ochokera kwa Mphuka, ndipo za kwathu sankazidziwa. Anatiuza kuti lero tiphunzira za madzi, n'kutseka chitseko.

Pachinsalu panatuluka chitseko chathu. Ndinachidziwa ndi thabwa lake losweka pansi. Nkhuku inatuluka. Kenako Fabiano, kamimba patsogolo, n'kutembenuka, n'kundiseka ine. Mayo ine! Ndinaimirira osadziwa, mutu wanga n'kuchita chithunzithunzi pachinsalu, anzanga n'kumakuwa kuti ndikhale pansi. Mtima unadzaza. Ndinkangoti amayi, amayi, wabwera.

Pomwepo m'bokosi la mawu munatuluka liwu la mwamuna, losalala, la Chinyanja cha m'mabuku.

"Taonani nyumba ya Nauve. Nauve ndi waulesi. Sasesa, sazira, satsuka mbale. Taonani ntchentche pakamwa pa mwana wake. Nauve sasamala."

Nauve! Mayi wamkulu, wobereka, kumunena ngati akunena galu wa pamsika. Pamene ankajambula panalibe mawu alionse. Mawuwo anakawaikira kwawo, ndipo munthu amene anawalankhula mwina sanapondepo ku Thyolo. Anationetsa a Alesi, akuti Naukhondo, akuwiritsa madzi m'ketulo ya bwana. Anationetsa dzanja la amayi likutunga m'ngalande, chikho chikukwera, Fabiano akumwa. Kenako dontho limodzi la madzi linakula kudzaza chinsalu chonse, ndipo m'katimo munali tizilombo tikuyendayenda, tina ngati mphutsi, tina ngati nthata. Liwu linati tizilomboti n'timene timadya matumbo a mwana.

Pa za madzi kanemayo sananame. N'chimene chimandiwawa mpaka lero.

Panabwera mphasa, nsalu, amayi nkhope ili m'manja. Ndiye liwu lija linafunsa mokoma ngati likufunsa ndagi.

"Ana inu, wapha mwanayu ndani?"

Linakhala chete, kutisiyira mpata. Ana a m'malayini ena, amene sankatidziwa, anakuwa pamodzi, "Amake!"

"Mwakhoza," liwu linatero.

A m'layini yathu sanakuwe. Iwo anangotembenuka kundiyang'ana. Atachotsa ziguduli, wina anakawanong'oneza a Everson, ndipo ndinawaona akugwira pakamwa. Anandiitana, koma ine ndinali nditatuluka kale.

Msewu unali woterera, galimoto sikanatha kutsika. Inagona pasukulu, ndipo m'mawa mwake kanema yemweyo ankaonetsa ana aang'ono. Njira yonse ndinkayenda ndikupemphera chinthu chimodzi, kuti amayi asamuone. Nkhope ankaifuna, inde, koma nkhopeyo inabwera ndi liwu lija, ndipo ndinkadziwa kuti anthu onong'ona pamaliro anawapirira chifukwa ankanong'ona. Uyu ankalankhula mokweza, m'Chinyanja cha sukulu, ndipo ana ankavomera.

Ndinawapeza akuchapa nsalu yawo ya kutchalitchi. Kumunsi kwa layini tiana tina tinali titayamba kale kuimba, "Nauve, Nauve," tikuomba m'manja.

"Wabwera," amayi anatero. Sanafunse.

"Amayi, musapite."

"Chifukwa?"

Ndinawauza zonse, osasiya kanthu. Dzina limene anawapatsa, ntchentche, tizilombo ta m'dontho, funso lija ndi yankho lake. Ndinkalira mamina ali chuchuchu. Iwo ankangofinya nsalu.

"Akuthamanga?"

"Amayi, mwamva zomwe ndanenazi? Akuti mwapha ndinu!"

"Ndamva. Ndikufunsa, akuthamanga?"

"Ee. Akuthamangitsa nkhuku. Kenako akutembenuka, akuseka."

"Basi," anatero, n'kuyanika nsalu m'nyumba pafupi ndi moto, chifukwa kunja kunali kukuwaza.

M'mawa belu la kumunda linalira, amayi sanatenge dengu. Anasamba, anadzola mafuta a nsatsi, n'kuvala nsalu ija isanaume bwino. Ndinawagwira dzanja pakhomo, anandichotsa. Ndinawatsekera njira pa mlatho wa ngalande, anandilambalala. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ine ndikanawaletsa bwanji? Ndinangowatsatira.

A Everson anatiwona tikubwera ndipo anatichingamira pabwalo, chipewa chili m'manja.

"Mayi, pepani kwambiri. Ine sindinkadziwa. Ngati mukufuna kumuona mwana, lowani, koma ndiwauza a Dixon atseke mawu."

A Dixon anali pakhomo la kalasi ndi chitini cha filimu. Atawaona amayi anawazindikira, ndipo maso anagwetsa pansi. Nkhani ya maliro anali ataimva usiku kwa alonda.

"Mawuwo amveka kuti ndi kuti?" amayi anawafunsa.

"Masukulu ambiri, mayi. Mulanje, Chiradzulu, mpaka kumpoto. Zitini zake zilipo zingapo."

"Ndiye dziko lonse lamva za ine, ine ndekha ndisamve? Musatseke, aphunzitsi. Ana abwera kudzaphunzira."

Anakana mpando. Anakhala pansi kutsogolo, pakati pa tiana ta Sabu A, kalasi yoyambira, miyendo atatambasula, manja pamiyendo. Ine ndinakhala pambali pawo. Ziguduli zinatsekedwa, injini inalira kunja, makina n'kuyamba.

Chitseko. Nkhuku. Fabiano.

Amayi sanakuwe. Anangokoka mpweya ngati munthu amene waponda munga, n'kusendera kutsogolo mpaka kuwala kwa chinsalu kunawagwera pankhope. Milomo inkayenda, koma mawu osatuluka. Fabiano atatembenuka n'kuseka, iwonso anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chimwalirire mwanayo. Kenako liwu linayamba za Nauve, ndipo kusekako kunauma pang'onopang'ono, koma maso sanachotse. Anaona zinyalala pabwalo lawo. Anaona dzanja lawo ndi chikho. Dontho lija litakula, tizilombo tikuyendayenda, anandigwira bondo mwamphamvu.

"Timeneti tinali m'madzi muja?"

Ndinaika dzanja langa pamwamba pa lawo.

Mphasa, nsalu, nkhope m'manja. Ndinkafuna kuimirira n'kugwetsa makina aja, Mulungu ndi mboni. Koma ndinakhalabe pambali pawo.

"Ana inu, wapha mwanayu ndani?"

Tiana tija tinkadziwa amene takhala naye. Palibe anatsegula pakamwa. Munkangomveka makina, tatatata, ndi mvula padenga. Ndiye m'kati mwa chete uja amayi anayankha, osakweza mawu, ngati akuyankha dzina lawo pa sikelo ya tiyi.

"Ndine."

"Mwakhoza," liwu linatero.

A Everson anatuluka panja. Kamwana kena kanayamba kulira, tina n'kutsatira. Filimu itatha amayi anatembenukira kumbuyo.

"Achimwene, mungabweze poyamba paja?"

A Dixon anabweza. Amayi anapempha kuti aimitse pamene mwana akusekapo, koma a Dixon anati makinawa ukawaimitsa pamalo amodzi nyali imawotcha filimu. Choncho anamuonanso akudutsa, kanthawi kongokwana kumeza malovu, kenako zinyalala zija n'kuyambanso.

Pobwerera ndinawakalipira njira yonse, ine mwana kukalipira mayi wondibala. "Si inu! Ndi a Bizwick, ndi mzungu uja ndi chala chake! Inu munabweretsa madzi abwino, ndinaona ndi maso angawa. Mwavomereranji pamaso pa ana?"

"Chikho chinali m'dzanja la ndani?"

"Anakukakamizani!"

"Ndinasankha denga, Teleza. Nali tikugonamo." Anayenda pang'ono, kenako nkhope inamasuka. "Koma kadontho kaja pansi pa diso ndinali nditakaiwala. Wakaona? Ndiponso pamano a m'mwamba panali mpata. Iii, mwana uja anali wokongola."

Usikuwo anadya bwino kuposa masiku onse. Ine nsima sindinaikhudze.

Kuyambira pamenepo dzina la Marita linafa m'malayini. Ana ankati Nauve, akulu ankati Nauve, ngakhale kalaliki wa pa sikelo tsiku lina linamupulumuka. Azimayi anasiya kubwereka chikho kwathu. Bwalo lathu linali loyera kuposa onse monga kale, koma anthu anakhulupirira chinsalu kuposa maso awo. A Alesi nawo anazolowera kutchedwa Naukhondo, mpaka kumalangiza anzawo za kuwiritsa madzi, ketulo atabweza kalekale kwa bwana.

Kanema wa madzi ankabwera chaka ndi chaka, chifukwa chaka chilichonse kunali ana atsopano. Chaka ndi chaka amayi ankasiya dengu, n'kuvala nsalu ya kutchalitchi, n'kukakhala pansi kutsogolo. A Bizwick ankawadula malipiro a tsikulo, iwo analibe nazo kanthu. Funso lija likafika sankayankhanso mokweza, koma ndinkaona milomo ikuyenda. Ine sukulu ndinaisiyira panjira n'kulowa m'munda, komabe tsiku limenelo ndinkawaperekeza, chifukwa sindikanalola kuti akhale okha mumdima muja.

Chaka china ndinaona kuti chitseko ndi nkhuku palibe. Kanema anayamba Fabiano ali kale pakati pa bwalo. Amayi anafunsa, ndipo a Dixon anafotokoza kuti filimu imayamba kudyeka kumutu, chifukwa mano a makina amayambira kuluma pomwepo. Ikang'ambika iwo amadula pong'ambikapo kuti ilowe bwino.

"Musamadule kwambiri, achimwene."

"Ndimayesetsa, mayi."

Ndikukhulupirira ankayesetsadi. Koma chitini chija chinkayenda masukulu ambiri, ndipo si iwo okha amene ankachigwira. Chaka chotsatira kuthamanga kunalibe, kunangotsala kutembenuka ndi kuseka, chithunzi chitachita mizeremizere ngati mvula ikugwa. Amayi anati zomwezo n'zokwana, bola nkhope.

Chaka chomaliza chinali chija anthu ankaimba nyimbo za ufulu m'misewu ya ku Boma. Kusukulu kunali aphunzitsi ena, ana ena, ndipo ambiri sankadziwanso kuti mayi wa imvi wokhala kutsogoloyo ndi ndani. Ziguduli zinatsekedwa. Makina analira. Pachinsalu panatuluka zinyalala, liwu lili kale pakati pa mawu, "...satsuka mbale." Kenako ngalande, ndi dzanja likutunga.

Amayi anadikira. Ankaganiza kuti mwina asokoneza, kusekako kubwera kutsogolo. Anaonera mwana akumwa, nkhope itabisika ndi chikho. Anaonera tizilombo, mphasa ndi nsalu. Ana anakuwa yankho lawo mosangalala, liwu linawayamikira, filimu n'kutha.

Ana atatuluka, amayi anapita pa makina. A Dixon nawo anali atayamba imvi.

"Mwamuika kuti?"

"Mayi, chitinichi chinapita ndi mnzanga ku Mulanje. Chabwera chili chonchi."

"Zodulazo amataya kuti?"

"Amatentha, mayi. Kapena ana amatola."

Amayi anangoima. Sanalire, sanatukwane. Ine ndi amene ndinatukwana, ndipo mawu amene ndinanena tsiku limenelo m'kalasi ya ana sindingawabwereze pano. A Dixon anagwada, n'kukhuthula bokosi lawo la zipangizo pansi, masipanala, mawaya, nyali zakufa. Pansi penipeni, pakona, panali kachidutswa ka filimu kotalika ngati chala, kakuda ndi girizi. Anakapukuta ndi malaya awo.

"Aka n'ka kumutu. Ndinadula ndine, kale."

Amayi anakalandira ndi manja awiri. Anapita pawindo, anakankha chiguduli, n'kukakweza kudzuwa. Anakatembenuza uku ndi uku, maso atatsinzinira.

"Maso anga atha, Teleza. Taona iwe. Muli chiyani?"

Munali tizithunzi tingapo totsatizana, tating'ono ngati chikhadabo. Ndinayang'ana kalikonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako ndinayambiranso.

"Muli chitseko chathu, amayi. Ndi nkhuku ikutuluka."

"Iye?"

"Mulibe."

Anatenganso kachidutswako n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Alimo," anatero. "Ali m'nyumbamo. Sanatuluke."

Anakamanga pansonga ya nsalu yawo, mfundo ziwiri, n'kuthokoza a Dixon mwaulemu. Tinatuluka. Kalasi ina inali ikulowa kale, ndipo tisanamalize kudutsa bwalo la mpira injini inaliranso. Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa miyendo ya amayi inali itayamba kuvuta. Titafika pa mabulugamu tinamva kumbuyo kwathu ana onse akukuwa pamodzi, "Amake!"

Amayi sanatembenuke. Dzanja lawo linali pa mfundo ija.